Waya wowala uja: kalumikizidwe ka inveta yake kuti musaiwotche

Sabata ino yokha anthu atatu andibweretsera tibokosi takuda tofanana, tonse tikununkha kupsa. Woyamba anali telala wa ku Mayfair amene akusokera majekete owala anyamata ovina pa ukwati. Wachiwiri ndi mnyamata woyendetsa taxi, ankafuna kuti dashibodi yake iziyaka usiku. Wachitatu ndi mayi wina wa kwaya ku Rosettenville. Onse funso ndi limodzi: "Achimwene, ndangogula dzulodzuloli, yafa bwanji?" Ndatopa kufotokoza pafoni, dzanja lina litagwira chowotcherera, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Amene adzandifunsenso ndizingomutumizira zomwezi.

Tikunena za waya wofewa uja woyaka thupi lonse ngati chingwe cha moto koma osatentha. M'mashopu a zamagetsi ku Crown Mines amautcha EL wire, ena amati neon wire, ngakhale kuti mkati mwake mulibe neon ngakhale pang'ono. Ulinso wina wophwatalala ngati pepala, umenewo amati EL panel. Kabokosi komuyatsira ndiye inveta. Zambiri zomwe ndinene za inveta zikugwiranso ntchito pa panel.

1. Yambani mwadziwa chomwe mwagwira m'manja

Waya uyu si babu, si LED. Mukamudula ndi kumuyang'ana kumapeto, pakati penipeni mupeza waya wamkuwa wolimba. Mkuwawo anaukuta ndi ufa woyera wouma ngati laimu wa pakhoma, dzina lake phosphor, wopangidwa ndi zinc sulfide wosakaniza ndi mkuwa pang'ono. Pamwamba pa ufawo anazengeza timawaya tiwiri tating'ono kwambiri, ine ndimangoti titsitsi chifukwa kuonda kwake n'komweko. Kenako pali pulasitiki yoonekera mkati, ndipo kunja kwenikweni pulasitiki ina yamtundu.

Onetsetsani bwino apa: mkuwa wapakati ndi titsitsi tija sizikhudzana. Ufa uli pakati pawo ngati nkhoswe. Zitsulo ziwiri zoyandikana koma zosakhudzana, pakati pali chotchinga, imeneyo ndi kapasita. Ndiye waya wanu yense ndi kapasita yaitali, pafupifupi ma nanofarad 6 (muyezo wa kukula kwa kapasita) pa mita iliyonse kwa waya wamba wa mamilimita 2.3. Mukaigwira mfundo imeneyi, zotsalazo mutha kuzilingalira nokha.

Mukalumikiza batire mwachindunji, kapasita imadzaza kamodzi n'kukhala chete, waya sayaka. Ufa uja umatulutsa kuwala pokhapokha mphamvu ya magetsi ikamatembenuka mbali, uku kenako uko. Kutembenuka kulikonse, kuthwanima kumodzi. Kukachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, diso limaona ngati kuwala kosalekeza. Anazitulukira zimenezi ndi Georges Destriau ku Paris mu 1936, ndipo ngati munakhalapo ndi wotchi ya Timex ya Indiglo, imene inatuluka mu 1992, kuwala kobiriwira kuja mukadina batani ndi komweku.

2. Inveta yake si ija ya load shedding

Pano pa Joni mawu akuti inveta aliyense amawadziwa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndiye chisokonezo chimayambira pomwepo. Inveta yapanyumba imatenga mphamvu ya batire lalikulu n'kutulutsa mavoti 230 otembenuka ka 50 pa sekondi, chimodzimodzi magetsi a pakhoma kuno ndi kumudzi komwe. Waya wowala amafuna zina: mavoti pafupifupi 100, koma otembenuka mwamsangamsanga, ka 1000 mpaka 2000 pa sekondi, zomwe amati ma hertz 1000 mpaka 2000. Ma panel ambiri amawapangira ma hertz 400.

Mkulu wina wa ku Turffontein anaganiza kuti poti zonse ndi AC, magetsi otembenukatembenuka, bwanji osangolowetsa mu soketi. Ufa wopyapyala uja sunapirire mavoti 230, unabooka, moto unalumpha kuchoka pa mkuwa kupita pa titsitsi, buleka ya nyumba yonse n'kugwa. Mwayi wake sanali atamugwira m'manja. Magetsi a mu soketi kapena a inveta yapanyumba amapha munthu. Waya uyu asayandikireko, ngakhale kungoyesa.

3. Mkati mwa kabokosi muli chiyani, ndipo kamaliriranji

Mukatsegula inveta yotchipa ya mabatire awiri a AA, mukhumudwa: muli kathiransifoma kakang'ono ngati chala chamkombaphala kunsonga, tranzisita imodzi kapena ziwiri, ndi tinthu tina titatu kapena tinayi. Basi. Tranzisita imagwira ntchito ya swichi yodzitsegula ndi kudzitseka yokha. Ikayatsa, mphamvu ya batire imalowa mu koyilo yoyamba ya thiransifoma, imene ili ndi mizengo yochepa ya waya. Ikazimitsa, mphamvu imaduka. Kulowa ndi kuduka kumeneku kumadzutsa magetsi mu koyilo yachiwiri, imene ili ndi mizengo yambirimbiri, ndipo mavoti 3 aja amatuluka ali 100 kapena kuposa. Palinso kakoyilo kachitatu kamene kamabweza mphamvu pang'ono kwa tranzisita kuti idziwe nthawi yotseka ndi yotsegula. Ma inveta ena amakono alibe thiransifoma, ali ndi kachipu ndi kakoyilo kamodzi, kachipuko n'kumatembenuza mbali kokha, koma ambiri a mumsika ndi a mtundu woyambawu.

Tsopano chomwe ogulitsa sakuuzani. Pa inveta ya thiransifoma, liwiro la kutembenuka silichokera m'kabokosi mokha. Koyilo ya thiransifoma ndi kapasita ija, kutanthauza waya wanu, ndi zomwe zimagwirizana liwiro, monga momwe anthu awiri osinja mu mtondo umodzi amapezera kamenyedwe kawo. Waya akatalika, kapasita imakula, liwiro limatsika. Mukachulukitsa utali kanayi, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Waya akafupika, liwiro limakwera ndipo mavoti nawo amakwera. Nanga waya akapanda kukhalapo? Mphamvu imasowa kolowera, mavoti amakwera kupitirira muyezo, ndipo tranzisita kapena koyilo imapsa. Tibokosi titatu tija ndinatchula poyamba, tiwiri tinafa imfa imeneyi.

Kulira kwa "tsiiii" ngati udzudzu kumachokera m'thiransifoma, imanjenjemera pa liwiro lomwelo, ndipo ma hertz 2000 ali m'kati mwenimweni mwa zomwe khutu limamva bwino. Si vuto. Kulirako musakudane nako, kutsogoloku kukuthandizani kupeza matenda.

4. Yezani utali musanapite kukagula

Tengani chingwe wamba, chiyendetseni pa jekete kapena pa dashibodi momwe mukufuna waya adutse, kenako muchiyeze ndi tepi. Ngati pali zidutswa zingapo zomwe zidzadye pa inveta imodzi, phatikizani utali wake wonse. Zidutswa zitatu za mita imodzi imodzi, inveta imaziona ngati waya mmodzi wa mamita atatu.

Pa paketi ya inveta pamalembedwa utali womwe ingakwanitse, mwachitsanzo 1 mpaka 3 m, kapena 5 mpaka 10 m. Anthu amangowerenga nambala yakumapeto, yoyambayo osaiona, chikhalirecho nayonso ndi lamulo. Mukaika theka la mita pa inveta ya mamita 10, waya awala kwambiri masiku oyamba, mukondwa, koma akutha msanga ndipo inveta ikuvutika. Mukaika mamita 8 pa inveta ya mamita 3, kuwala kukhala kwa chiziyiziyi, mabatire n'kumatha ngati mukuwataya. Ine ndimasankha inveta yomwe utali wanga ukugwera chapakati kapena chakumtunda kwa malire ake.

Za mtundu, ufa weniweniwo umawala mobiriwira mopita ku buluu. Mitundu ina yambiri imabwera ndi utoto wa pulasitiki yakunja, choncho wofiira ndi wapinki amaoneka ofooka poyerekeza ndi wabuluu kapena wobiriwira. Woyera akakhala wozima amaoneka wapinki, musabweze kushopu kuti akupatsani wolakwika. Ndipo uzani kasitomala wanu zoona: waya uyu ndi wa mumdima. Ukwati wamasana pabwalo palibe adzaone kanthu.

5. Yesani zonse musanadule kalikonse

Lumikizani pulagi ya waya ku inveta kaye, kenako muike mabatire, kenako muyatse. Pozimitsa, yambani ndi swichi, kenako muchotse waya. Dongosolo limeneli likhale m'magazi. Lowani m'chipinda chamdima, muyendetse waya yense m'manja pang'onopang'ono mukumupinda mofatsa, muone ngati pali pomwe akuthwanima kapena kuzima. Waya wolumala ndi bwino kumudziwa asanakhudzidwe ndi lezala, chifukwa mukangodula wogulitsa salandiranso.

6. Kusenda ndi kuwotcherera

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo ndi pomwe ambiri amangolemba mzere umodzi kuti "lumikizani mawaya" n'kupitirira. Konzani izi patebulo: lezala yatsopano, chowotcherera cha nsonga yopyapyala, mtovu wowotcherera woonda, tepi yamkuwa yomata, heat shrink (kachubu ka pulasitiki kofinyika kakatenthedwa) ya masaizi awiri, yaing'ono ndi yokulirapo, ndi pulagi yokhala ndi mawaya ake awiri. Yalani pepala loyera pansi kuti titsitsi tizioneka. Ngati maso anayamba kuvuta, valani magalasi, palibe manyazi. Mabatire akhale kunja kwa inveta.

Choyamba lowetsani heat shrink yokulirapo pa waya wowala, ndipo yaing'onoyo pa waya mmodzi wa pulagi, muzikankhire kutali. Ndikunena izi poyamba chifukwa ine ndemwe, zaka zonsezi, ndimapezekabe ndamaliza kuwotcherera bwinobwino heat shrink ili phee patebulo.

Sendani pulasitiki yakunja yamtundu ija masentimita awiri kuchokera kumapeto. Imeneyi ndi yosavuta. Yovuta ndi yamkati yoonekera ija, chifukwa titsitsi tagona pansi pake penipeni. Musagwiritse pulayala yosendera mawaya a m'nyumba, imadula titsitsi osamva n'komwe. Tengani lezala, muzungulize mopepuka ngati mukungolemba mzere, osafika pansi. Kenako pindani waya pang'ono pamzerepo kuti pulasitiki ing'ambike yokha, muikoke ndi zikhadabo molunjika. Ena amayamba aifewetsa ndi kutentha kwa chowotcherera chili chapatali, zimathandiza m'nyengo yozizira ya June pomwe pulasitiki imauma gwa.

Yang'anani tsopano. Mukuona titsitsi tiwiri? Ngati mwatsala ndi kamodzi, waya ayakabe, koma kakadzaduka kameneko ndiye kwatha. Ine ndikaona kamodzi ndimadula n'kuyambiranso. N'chifukwa chake pogula muzionjezera masentimita 20 kapena 30, a sukulu. Ulendo woyamba mudzadula katatu kapena kanayi, aliyense anadutsa momwemo.

Titsitsi tikapulumuka, titambasuleni mofatsa ndi nsonga ya singano, tichoke pa ufa. Dulani kachidutswa ka tepi yamkuwa, mukazungulize pa pulasitiki yakunja, m'mphepete mwa pomwe mwasenda. Pindani titsitsi chambuyo kuti tigone pa tepiyo. Gwirizitsani nsonga ya chowotcherera pa tepi, osati pa titsitsi, mudonthetse mtovu pang'ono kuti ukwirire tonse tiwiri. Masekondi awiri akwana. Mukachedwa, pulasitiki yapansi imasungunuka ndipo titsitsi timamira mpaka kukhudza mkuwa wapakati. Cholinga cha tepi n'chakuti waya wa pulagi akamakokedwa, azikoka tepi, osati tsitsi. Amene amawotcherera waya wa pulagi pa titsitsi mwachindunji, ntchito yawo imafika pa ukwati koma siimaliza nyimbo yachiwiri.

Tsopano mkuwa wapakati. Palani ufa woyera uja ndi lezala kumapeto kwenikweni, pafupifupi mamilimita asanu mpaka asanu ndi atatu, mukuzungulira mbali zonse mpaka chitsulo chiwale. Mtovu sugwira pa ufa, ukangotsala pang'ono mfundo yanu ikhala yabodza: ioneka yogwira koma mukakoka ivuka ngati chipewa. Koma musapale mpaka kufika pa tepi. Siyani ufa mamilimita angapo pakati pa chitsulo chowala ndi tepi yamkuwa, ndiwo mpanda wotchinga shoti. Mukatha pukutani fumbilo ndi kansalu konyowa, musalipemerere, ndipo sambani m'manja musanagwire nsima.

Pakani mtovu pa mkuwa wopalawo, pakaninso pa nsonga za mawaya awiri a pulagi. Waya amene munamuveka heat shrink yaing'ono uja muwotcherere ku mkuwa wapakati, mukokere heat shrink pamfundopo mpaka iphimbe chitsulo chonse, muitenthe igwire. Waya winayo akhale wotalikirapo pang'ono kuti afike pa tepi yamkuwa, mumuwotcherere pamenepo. Wofiira apite kuti, wakuda apite kuti, zilibe kanthu, poti magetsi ake ndi otembenukatembenuka. Kumene kuli kanthu ndi mbali ya batire: kumeneko mukasemphanitsa, inveta imatha kufa.

Musanatseke ndi heat shrink yaikulu, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muiike poyezera ngati mawaya akhudzana, mugwirizitse pa zitsulo ziwiri za pulagi. Isalire. Ikalira ndiye kuti pali shoti, ndipo mukalumikiza inveta muipha. Ikakhala chete, lumikizani, yatsani, muone kuwala, zimitsani. Kenako donthetsani guluu wotentha pang'ono pamfundo, mukokere heat shrink yaikulu pamwamba, muitenthe mofulumira osayandikitsa moto kwambiri.

7. Tsekani mchira

Mbali ina ya waya siilumikizidwa kulikonse, imangothera m'malere, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Koma dulani mwaukhondo ndi chodulira chakuthwa, muonetsetse kuti titsitsi sitinapindikire pa mkuwa, kenako mutseke ndi dontho la guluu ndi heat shrink. Chinyezi ndi mdani wa ufa uja. Mvula ya kuno ya mabingu ikayamba mu October, waya wosatseka amayamba kuda kuchokera kumchira, mdimawo n'kumakwera pang'onopang'ono. Thukuta la wovina limachitanso chimodzimodzi. Komanso mchira wosatseka umaluma: mavoti 100 a kabokosi kakang'ono aka sakhala ndi mphamvu zambiri, koma pakhungu lonyowa amakudzidzimutsa ndithu.

8. Kusokerera pa chovala

Atelala anzanga, makina ayi. Singano ikangoboola pulasitiki, mwalumikiza mkuwa ndi titsitsi, kapena mwadula titsitsi. Sokererani pamanja ndi twaini woonekera mkati wowedzera nsomba, mukudumphitsa ulusi pamwamba pa waya, osaulowetsa mwa iye. Pokhota musapinde ngati mukuthyola, zungulizani ngati mukuzengeza pa chala. Pewani m'zigongono, m'khwapa ndi m'mawondo, chifukwa mkuwa wapakati ndi waya mmodzi wolimba, akamapindidwa malo amodzimodzi amathyoka. Sokani kathumba ka inveta mkati mwa jekete pafupi ndi mfundo, ndipo waya wa pulagi mumumangirire ku nsalu kuti kulemera kwa mabatire kusamakoke mfundoyo. Pulagi ikavuka munthu ali pakati pa gule, inveta imatsala ikuyaka yopanda katundu, kutanthauza yopanda waya woti iyatse, ndiye kukulungani polumikizirapo ndi tepi. Chovala chotere sichilowa mu makina ochapira, ndipo simbi isadutsepo.

9. Mu galimoto

Gulani inveta ya mavoti 12, muike fyuzi yaing'ono pa waya wolowa, ndipo mutenge magetsi pa waya amene amazima mukachotsa kiyi kapena pa magetsi a paki. Mukatenga ku batire mwachindunji iziyaka usana ndi usiku. Madalaivala a mathiraki opita ku Beitbridge ndi ku Mwanza, anu ambiri ndi a mavoti 24, inveta ya 12 ipsa nthawi yomweyo. Ikani kabokosi kutali ndi mawaya a wailesi, apo ayi udzudzu uja muziumva mu sipika. Dziwaninso kuti dzuwa la pa dashibodi limakalambitsa waya msanga.

10. Zikavuta, yambani ndi khutu

Yatsani, muike kabokosi pafupi ndi khutu. Kakakhala chete, vuto lili kumbali ya batire, kapena pali shoti pa waya, kapena inveta inafa kale. Zimitsani msanga, muyeze pulagi ndi multimeter monga ndanenera, kenako muyese ndi kachidutswa kena ka waya komwe mukudziwa kuti n'kabwino. Ine ndimasunga mita imodzi m'dirowa ya ntchito imeneyi yokha. Kakamalira mokweza kwambiri, mawu oonda kuposa masiku onse, waya osayaka, ndiye kuti katundu sakufika: mfundo yaduka kapena pulagi yavuka, zimitsani pomwepo. Kakamalira motsika, mawu okhuthala, kuwala kuli kofooka, mwachulutsa waya kapena mabatire atha. Waya akayaka theka lokha, pomwe pathera kuwala ndi pomwe paduka, dulani pamenepo mutseke mchira watsopano, koma muonenso ngati utali wotsalawo ukadali m'malire a inveta.

Musadalire multimeter yotchipa poyeza mavoti otuluka. Zambiri anazipangira ma hertz a magetsi a m'nyumba ndi kupitirirako pang'ono, zikafika ku 2000 zimaonetsa nambala yosadalirika, inu n'kutaya inveta yabwinobwino.

Waya akamafooka yense mofanana patapita miyezi, si inveta ayi, ndi ukalamba wa ufa. Ukayaka maola masauzande ochepa kuwala kumatsika kufika theka, ndipo mukamauyendetsa pa mavoti ndi liwiro lokwera umatha msanga kuposa apo. Inveta ya thiransifoma imabisa ukalambawu kwa kanthawi, chifukwa waya akamakalamba kapasita yake imachepa, liwiro n'kukwera lokha. Zikafika poti ngakhale mumdima sakukhutiritsa, gulani waya watsopano wa utali womwewo, kabokosi musakataye.